Kuwerenga Atsekwe ku Cleveland

Ndikaweruka pa ulonda ku Msasa
sindikwera kombi.
Ndimadzera kudamu, tochi m'thumba, chipewa m'khwapa,
kukawerenga atsekwe.

Mwezi uno akwana makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Nthenga zawathothoka, kuuluka kwawakanika,
ndiye angounjikana pamatope
ngati anthu pamzere wa kuchipatala.
Palibe wolusa. Palibe wofunsa mnzake kwawo.
Galu akasuzumira m'mabango
mmodzi amakuwa, onse phava! m'madzi.
Usiwa wawaphunzitsa chibale.

Koma ine ndinawaona chaka chatha.
Mapiko atadzaza, mawu anasintha.
Amene ankagona mogundana khosi
anayamba kujomphana pa kachidutswa ka gombe
kosakwana ndi mkeka womwe.
Kenaka awiriawiri, m'mawa uliwonse,
ena kubwalo la gofu, ena kumadamu a ku Ruwa,
ena kukalanda chisa cha nantchengwa pamtengo wouma,
mpaka padatsala mapazi okha pamatope
ndi ine, mlonda wopanda cholonda.

Akakowa ali ndi khalidwe lina.
Amabalalika kukacha, aliyense ndi ng'ombe yake,
madzulo n'kubwerera mumtengo womwewo
kudzakangana za nthambi.
Adokowe amatera ndi mvula yoyamba
pabwalo la mpira ku Tafara,
kutola ziwala ngati alipira msonkho,
ndipo tsiku lochoka sauza munthu.

Chaka chimene ndalama inasanduka mapepala
tinali asanu ndi anayi m'zipinda ziwiri ku Mabvuku.
Buledi mmodzi Enelesi ankamudula ndi ulusi
kuti mpeni usadyeko.
Achimwene a Jailosi ankagona mokhala, kutsamira khomo,
ana pansi pa tebulo, miyendo yolukanalukana.
Wina akatsokomola tonse tinkadzuka.
Sindinena kuti zinali zokoma.
Ndingoti tinalipo.

Nthenga zathu zinamera ngati timabuku tobiriwira
tokhala ndi chidindo.
Lonjezo anakwera basi ya usiku ku Mbare,
ali ku Polokwane, amawotcherera mageti.
Mwatitha anatsata mwamuna ku Beira.
A Jailosi anati mafupa awo sagona dothi lachilendo,
anapita ku Ntcheu komwe anachoka asanamere mano,
akuti kumeneko amawatcha Mzimbabwe.
Enelesi yekha sanapite kutali:
ali kuseri kwa fakitale ya simenti,
fumbi limayeretsa mtanda wake ngati ufa.

Tsopano timakumana pamaliro.
Mabasi amatitula ndi zikwama zamizeremizere,
masiku atatu nyumba imadzazanso nsapato pakhomo,
adzukulu akulankhula zilankhulo zinayi
n'kumvana pa mpira wokha.
Lachinayi wina wayamba kale kuyang'ana wotchi,
wina akufunsa kuti nyumbayi idzakhala ya yani.

Sindiwaimba mlandu.
Ndani angamange mapiko a mwana wake ndi luzi
kuti pakhomo pazimveka phokoso?
Bambo anga omwe anauluka, n'chifukwa chake ndili kuno.

Kumapeto kwa damu, pafupi ndi miyala yosanjikizana,
pali tsekwe wa phiko logwa.
Sanachoke chaka chatha, sachokanso chino.
Pambali pake pamayenda wina wamapiko abwinobwino,
amauluka, kuzungulira kamodzi pamwamba pa misasa,
n'kuteranso pomwepo, akudandaula mokweza.
Sindidziwa ngati ndi chikondi
kapena waiwala njira.

Lero ndawerenga katatu.
Makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi.
Mphepo ya kum'mawa yayamba kununkhira fumbi,
zayambika.

Ndatola nthenga imodzi yobiriwira ngati botolo,
ndaisomeka m'kabuku kolembamo magalimoto olowa pageti.
Foni yanjenjemera m'thumba:
mdzukulu wa ku Beira, mawu ojambula,
akuimba kanthu m'Chipwitikizi.
Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe.
Ndawatsegulira atsekwe kuti amve nawo,
awiri atukula mitu.